Kalongonda wa ku Wigston

Pali msewu wina ku Normanton, ku Derby, umene mpaka lero sindidutsamo. Ndikakhala ndi zochita kumeneko ndimazungulira, ngakhale mvula ikugwa, chifukwa anthu a mumsewu umenewo anandiona tsiku lina ndili mmene munthu wa msinkhu wanga sayenera kuonekera. Nkhaniyi ndakhala ndikuibisa, koma popeza kutchalitchi ikukambidwa kale, aliyense akuthiramo mchere wake, kuli bwino ndiifotokoze ndekha mwini wake.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Ndimakhala ku Highfields, koma nyumba zambiri zimene ndimayendamo zili ku Wigston, ndiye moyo wanga ndi wa m'basi. Kudzutsa munthu, kumusambitsa, kumusintha zovala, kumupatsa tiyi ndi mankhwala, kenako kuthamangira basi kuti ndikadzutse wina. Ndikamafika kunyumba msana umakhala ukudandaula wokha. Mkazi wanga, mayi a Tadala, ndi namwino kuchipatala, ndipo masabata ena timangokumana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni (ngakhale mukandimvera sindikana), koma kuti mudziwe kuti munthu wotopa amaganiza ndi theka la mutu.

Chaka chimenecho ndinasenzetsedwa katundu wina pamwamba pa ntchito. Mlongo wanga wa ku Phalombe ali ndi mwana wamwamuna, Yamikani, amene anabwera kuno kudzaphunzira, n'kumaliza, n'kupeza ntchito ya zamakompyuta. Mnyamata wofatsa, wosadziwa kulankhula zambiri. Anakondana ndi mtsikana wa ku Normanton dzina lake Thoko, ndipo mwachibwana ananyamuka ndi anzake awiri kukadzionetsa kwa makolo. Kumeneko anakumana ndi amalume a mtsikanayo, a Makwinja, mkulu wa mpingo, munthu amene akakuyang'ana umayamba kukumbukira machimo ako. Anawabweza asanamwe ndi madzi omwe.

"Sitipereka mwana kwa munthu wopanda abale," anatero. "Kodi iwe unachita kugwa kumwamba? Ubwere ndi wamkulu wa magazi ako, tidzamuone, tidzamumve. Ukalephera pamenepo usadzagogodenso."

Wamkulu wa magazi akeyo m'dziko lonse lino ndi ine ndekha. Mlongo wanga anandiimbira foni. "Achimwene, mwanayo ndi wanu. Mukamulankhulire bwino, musakandichititse manyazi." Ndinavomera, mutu ukakula sulewa nkhonya. Kuyambira pamenepo ndinayamba kukonza mawu oti ndikanene. Ndinkawayeseza m'basi, milomo ikugwedera yokha, moti mayi wina wachizungu anasamuka pampando n'kukakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala.

Tsopano ndikuuzeni za mtengo umene unandigwetsa.

Mmodzi mwa okalamba anga ndi bambo Dennis a ku Wigston, amene kale ankayendetsa mabasi. Mkazi wawo anamwalira, ana ali kutali, ndipo chimene anatsala nacho ndi mtengo woyanga umene mayiwo anabzala pakhomo. Unakwera khoma lonse mpaka kudenga. M'mwezi wa Meyi umachita maluwa a pepo, olendewera m'magulumagulu, fungo lake kumveka uli pamsewu. Dzina lake akuti wisiteriya. Tsiku loyamba kuuona ukuchita maluwa ndinaima pageti kukamwa kuli yasa, chifukwa maluwa olendewera chomwecho ndinali nditawaona komaliza m'munda mwa mayi anga, pa kalongonda.

Kwa inu a chigawo chapakati ndi kumpoto amene mwina simumudziwa, kalongonda ndi nyemba zoyanga, makoko ake aubweya ngati chitedze koma osayabwa. Ndi wokoma, komanso ndi woopsa. Ukamudya osapsa bwino amazunguza mutu, munthu n'kumalankhula zosamveka. N'chifukwa chake kwathu amamuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, mpaka ululu wonse utatuluka. Akapsa timamuthira mchere n'kumadya chomwecho, ndipo munthu wa kwathu amene wakhala zaka osamulawa amamulota.

Meyi yemweyo bambo Dennis anandipempha kuti ndiwathyolere maluwawo. Anandilangiza ali pampando wawo: kuchotsa timitengo tonse, kutsuka maluwa okhaokha, kuwaviika mu ufa wa tirigu wosakaniza ndi dzira, kuwakazinga, pamwamba pake kuwaza shuga. Akuti mkazi wawo ankachita zimenezi chaka chilichonse. Tinadya tonse awiri, iwo akulengeza misozi pokumbukira mayiwo, ine ndikudabwa kuti mzungu akudya maluwa. Anali okoma ndithu, sindinama. Ndipo tsiku limenelo mutu wanga unamanga mfundo imodzi, yoti mtengo umenewu ndi wodyedwa.

Pofika Okutobala, masiku okafunsira mbeta atayandikira, ndinafika kwa bambo Dennis m'mawa wina nditatopa kale ndisanayambe ntchito. Ndikudikira kuti loko atseguke ndinakweza maso, ndipo pakhoma ponse panali nyemba zikulendewera. Zazitali, zokhwima, zaubweya. Ndinagwira imodzi, yofewa ngati khutu la mwana wa mbuzi. Ndinati uyu ndi kalongonda basi. Ndinakumbukiranso kuti Yamikani anali atandiuza kuti a Makwinja kwawo ndi ku Mulanje. Munthu wa ku Mulanje, zaka zambirimbiri ali kuno, ndiye wina amufikire ndi kalongonda! Ndinaona kale nkhope yawo yolimba ija ikusungunuka, akundigwira dzanja, akuti mwanayo tengani lero lomwe.

Nditawasambitsa n'kuwapatsa tiyi ndinafunsa (tinkalankhula Chingerezi, koma ndikumasulirirani).

"Bambo Dennis, nyemba zili panjazi ndingathyoleko?"

"Thyola zonse. Zikauma zimangophulika n'kudetsa pabwalo. Ukufuna ukabzale?"

"Ayi, ndikaphike."

Anaika kapu pansi. "Iwe, zimenezo ndi poizoni. Pamtengo umenewu amadyedwa ndi maluwa okha, china chilichonse osakhudza. Mkazi wanga ankazisesa kuti galu asatole."

Mawu amenewo akanamuimitsa munthu wina aliyense. Ine ananditsimikizira. Ndinati mumtima, eya, ndi yemweyo, nanga kalongonda si poizoni mpaka utamuwiritsa? Komanso inu mukudziwa mmene timawaonera anzathuwa pankhani ya zakudya. Anthu otaya masamba a maungu, otaya mitu ya nsomba ndi zipalapasiro za nkhuku, lero andiphunzitse ine za nyemba? Ndinawayang'ana mwachifundo, munthu wokhala ndi chuma pakhoma koma osachidziwa. Ndinadzaza jumbo, n'kuthamangira basi.

Kunyumba nditaswa makoko ndinapeza kuti nthanga zake ndi zaphwatalala ngati mabatani a jekete, osati zonenepa ngati za kwathu. Masamba akenso, ndikavomereze, sanali ofanana kwenikweni. Koma ndinadziyankha ndekha kuti dzuwa la kuno ndi lofooka, ngakhale tomato wa kuno sakoma ngati tomato. Mayi a Tadala anandipeza ndili pantchito imeneyi, nsapato za kuchipatala zili m'manja.

"Bambo a Tadala, izi ndi chiyani?"

"Kalongonda."

"Wachokera kuti? Wabwera ndani kuchokera kumudzi?"

"Ndathyola ku Wigston."

Anawerama n'kuyang'ana nthangazo. "Mwacheka pafoni kuti zimadyedwa?"

"Inu a ku Kasungu mudziwa chiyani za kalongonda? Inu ndi fodya ndi mtedza basi. Foni inabadwira ku Phalombe?"

"Chabwino," anatero akukwera masitepe. "Ine Loweruka ndili pa shifiti. Musakandipeze kuntchito."

Dongosolo langa linali labwino. Lachisanu ndinali pa ofu, ndiye ndikanawiritsa tsiku lonse monga mwa mwambo wake, Loweruka n'kunyamuka. Koma Lachisanu m'mawa foni inalira, a ku ofesi akuti wina wadwala, ndikagwire m'malo mwake. Pantchito yathu ukakana kawiri amaiwala nambala yako, ndiye ndinapita. Ndinabwerako miyendo ili ya eni ake. Nyemba ndinaziteleka Loweruka m'mawa, tsiku lomwelo la ulendo. Zinawira, ndinataya madzi kamodzi, ndinathira ena, ndinakhala pasofa kuti ndiyeseze mawu anga komaliza. Chimene chinandidzutsa ndi hutala ya galimoto ya Yamikani panja.

Ndinathamangira kukhitchini. Madzi anali atatsala pang'ono kuphwa, nyemba zafewa kunja, m'kati zikadali zolimba. Ndinathira mchere n'kulawa imodzi. Inali yowawa, ndipo lilime linachita ngati lalumidwa ndi nyerere. Munthu wanzeru akanalavula. Ine ndinati mwina ndatola yoipa, ndinalawa ina. Kenako ina. Ndinadya zodzaza dzanja pofunafuna kukoma kumene ndinkakukumbukira, ndipo pomaliza ndinadzinamiza kuti ndakumva chapatali. Ndinazithira m'kontena ya ayisikilimu (musaseke, nonse muli nazo m'makabati), ndinavala suti, ndinatuluka.

Yamikani anali atavala suti yatsopano yotuwa, yogulira tsikulo, tsitsi atameta, manja akutuluka thukuta pachiwongolero.

"Amalume, mwakonzeka?"

"Iwe ungoyendetsa galimoto. Lero uona mmene amalankhulira akuluakulu."

"M'kontenamo muli chiyani?"

"Kiyi wa mtima wa a Makwinja."

Tisanafike ndi theka la ulendo m'kamwa munayamba kutentha, malovu akungodzadza. Kenako m'mimba munalira, kulira kwakuti Yamikani anachepetsa wailesi poganiza kuti ndi injini. Thukuta lozizira linatsika m'khosi mpaka m'kolala.

"Amalume, muli okei? Nkhope yanu yasintha."

"Ndi tayi wandithina."

"Tiime pa sevisi mukapumeko?"

"Ufuna tikafike mochedwa kwa a Makwinja? Yendetsa."

Kunena zoona pamenepo ndinali nditayamba kukayika, koma ndinati mwina ndi mantha, mwina ndi tiyi wopanda kanthu. Munthu akafuna kudzinamiza zifukwa sizisowa.

Nyumba ya kwawo kwa Thoko ndi imodzi mwa zija zogundizana, zopapatiza, chipinda chochezera kutsogolo, khitchini kumbuyo, ndipo chimbudzi kuseri kwa khitchini. Kamangidwe kameneka mukasunge m'mutu. Anatilandira mayi a Thoko, ndipo ndinawapatsa kontena ija ndi manja awiri. "Kamphatso ka a Makwinja, kuchokera kumunda. Ndi kalongonda." Anailandira modabwa n'kupita nayo kukhitchini, kumene azimayi ena achibale ankaphika. Thoko anangosuzumira pamasitepe n'kubwerera.

A Makwinja anali pampando waukulu pafupi ndi windo, ndodo ili pakati pa miyendo. Anati tiyambe ndi pemphero. Ine mapemphero ndimawakonda, koma limenelo linayambira ku Genesesi. Anapempherera ulendo wathu, anapempherera dziko la Malawi, anapempherera mvula ya kumudzi, anapempherera achinyamata a masiku ano. Ine ndinali ndi pemphero langalanga, lalifupi, ndikulibwereza mano nditaluma. Atati ameni anatsokomola n'kundiyang'ana.

"Alendo athu, takulandirani. Mnyamatayu tinamuona kale. Lero tikufuna timve kwa akuluakulu. Tikumvereni."

Ndinaimirira. Kumeneko kunali kulakwitsa, chifukwa zonse zimene zinali zitakhazikika m'mimba zinaimirira nane limodzi. Mawu anga ndinali nawo, okonzedwa bwino, oyambira pa msoti umene tinauona pakhomo pano mpaka mbiri ya banja lathu ku Phalombe. Ndinatsegula pakamwa.

"Zikomo a Makwinja. Ife tabwera... tabwera pano kudzapempha..."

Chipinda chinapendekeka. Aliyense anali tcheru.

"...chimbudzi."

Sindinadikire yankho. Ndinadutsa m'khitchini modzaza azimayi ndikupepesa kumanja ndi kumanzere, n'kudzitsekera. Zimene zinachitika m'menemo sindifotokoza zonse, ena mwa inu mukuwerenga mukudya. Ndingonena kuti thupi linatsegula zitseko zonse nthawi imodzi, ndipo ndinasowa kuti ndiyambe kusamalira mbali iti. Makoma ankazungulira. Chitseko chake chinali chopyapyala, moti azimayi anayamba kuimba nyimbo ya kwaya mokweza, ndikhulupirira pofuna kundisungira ulemu. Pamenepo m'pamene ndinavomereza kuti bambo Dennis sananame, ndipo chimene ndinadya sichinali kalongonda ngakhale pang'ono.

Nyimbo itatha ndinamva chivindikiro cha kontena chikutseguka.

"Kodi zimenezi ndi nyemba zanji?" anafunsa mayi wina.

"Akuti kalongonda," anayankha mayi a Thoko. "Achimwene, tabwerani mudzaone mphatso yanu."

Ndinamva ndodo ikugunda pansi, ikuyandikira. Kenako mawu a a Makwinja, koma osati aja a m'chipinda chochezera. Anali mawu a kamnyamata.

"Kalongonda? Kuno? Aaa, inu! Tandipatsani supuni. Ayi, osatenthetsa, ndilawe chomwecho."

Ndisakunamizeni kuti ndinadzuka nthawi yomweyo ngati ngwazi. Ndinaganiza kaye. Ndikatuluka mmene ndinalirimu, ulemu wanga watha, ndipo ukwati wa Yamikani watha nawo. Ndikakhala chete, mwina angolawa imodzi, aimva kuwawa, alavula. Koma ndinadzikumbukira ine mwini m'mawa uja, mmene ndinalawira yachiwiri ndi yachitatu pofunafuna kwathu. Munthu wa ku Mulanje sakanalekera pa imodzi. Ndipo awa anali achikulire, oyendera ndodo, thupi lawo silikanapirira zimene langa linkalephera kupirira.

Ndinatsegula chitseko, dzanja limodzi litagwira thalauza.

"Musadye! A Makwinja, musadye! Ndi poizoni!"

Supuni inali itafika pamlomo. Inaima pomwepo.

"Mwati chiyani?" anafunsa a Makwinja pang'onopang'ono. "Mwabwera kudzafunsira mwana wathu, mwatitengera poizoni?"

Ndinafuna kufotokoza za Wigston, za maluwa, za dzuwa lofooka. Koma miyendo inakana. Ndinagwa pakati pa khitchini ya eni ake, thalauza n'kundithawa m'dzanja, ndipo thupi linapitiriza ntchito imene linali lisanamalize. Azimayi anakuwa. Wina anagwetsa chivindikiro. Ine ndinatseka maso n'kupempha nthaka kuti itseguke, koma pansi pake panali matailosi.

Ndiye ndinamva chinthu chofunda chikundifunditsa. Inali jekete ya Yamikani, yatsopano ija. Mnyamata wosadziwa kulankhula uja anali atagwada pambali panga, akulamula nyumba ya apongozi ake.

"Amayi, pepani, ndikupempha mutuluke kaye nonse. Mundisiyire beseni, madzi ofunda ndi thaulo. Kontenayo musataye, adokotala akafuna kuona. Thoko, ndithandize matumba a zinyalala."

Anatuluka. Iye anapinda manja a shati n'kuyamba kundipukuta.

"Yamikani, ndisiye," ndinanong'ona. "Pita ukapepese kwa anthu. Ndakuwonongera zonse."

"Amalume, khalani chete. Kwezani mkono."

Mawu amenewo ndimawanena ine tsiku lililonse, kwa anthu a eni ake, maso ali pa wotchi. Sindinaganizepo kuti amamveka bwanji kwa amene wagona pansiyo. Ndinakweza mkono, ndipo ndinalira, osati chifukwa cha m'mimba. Anandisambitsa bwinobwino osakwinya nkhope, anakolopa pansi, anamanga zovala zanga zodetsedwa m'thumba. Popeza ndinalibe chovala china, mayi a Thoko anapereka chitenje kudzera pachitseko. Ndi mmene ndinatulukira m'nyumba imeneyo: shati ndi tayi kumtunda, chitenje cha chigwirizano cha amayi kumunsi, masokosi opanda nsapato, mwana wa mlongo wanga atandinyamula ngati mtolo. Linali Loweruka masana, dzuwa litawala mwa apo ndi apo, ndipo msewu wonse unali panja.

Kuchipatala anandiika diripi. Adokotala atamva dzina la mtengowo anapukusa mutu, akuti nthanga zake ngakhale zochepa zimadwalitsa, ndipo kawirikawiri amene amabwera nazo ndi ana aang'ono osadziwa kanthu. Anandifunsa zaka zanga kawiri. Namwino amene ankandisamalira anali Mmalawi (ndani wina?), ndiye mukudziwa kale mmene nkhaniyi inafikira kutchalitchi ine ndisanatuluke m'chipatala. Mayi a Tadala anafika ali mu yunifolomu, anaima kumiyendo kwa bedi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuchitenje.

"Ndinati musakandipeze kuntchito kwanga, ndiye mwaona kuti mubwere kwa anzanga a ku Derby?"

Anakhala pansi n'kundigwira dzanja, ndipo chifundo chawocho chinandipweteka kuposa mwano.

Masiku otsatira ndinali gone pasofa, wofooka, ndikumwa phala lamadzimadzi. Ku Normanton kunali chete. Yamikani ankabwera akaweruka, kundifunsa mmene ndikumvera, osatchula za Thoko ngakhale kamodzi, koma ndinkamuona akuyang'ana foni yake n'kuibwezera m'thumba. Mlongo wanga anaimba kangapo, ine osayankha. Ndikanamuuza chiyani? Anandipatsa ntchito imodzi yokha m'zaka zonse zimene ndakhala kuno, ndipo ndinaigwetsa pansi pamaso pa anthu. Manyazi a chitenje ndikanawapirira, koma kuona mwana uja akuvutika mwakachetechete chifukwa cha kuuma mutu kwanga kunandidya mtima.

Lamulungu la sabata yotsatira masana kunamveka kugogoda. Mayi a Tadala atatsegula ndinamva ndodo ija ikugunda m'khonde. A Makwinja anali atakwera basi okha kuchokera ku Derby. Ndinayesa kudzuka, anandiletsa ndi dzanja, anakhala pampando moyang'anana nane, ndipo anatenga nthawi yawo yonse kuvula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ndadzuka, kaya inu. A Makwinja, ine ndilibe mawu. Ndinalakwa, ndipo mnyamata uja sankadziwa kanthu. Ngati pali chilango chigwere ine."

"Zimene munabwera kudzanena sitinazimve," anatero. "Tinamva mawu amodzi okha, ndipo chimene munapemphacho tinakupatsani."

Ndinayang'ana pansi.

"Koma ine pamene azimayi ankatuluka m'khitchini muja, sindinapite kutali. Ndinaima pachitseko. Ndinaona zonse." Anagwira ndodo yawo ndi manja awiri. "Ine ndakalamba m'dziko lino, achimwene. Ndaona anyamata a masukulu awo, a magalimoto awo, olankhula bwino pamaso pa akulu. Ndaonanso akazi awo akadwala, mwamuna akuti ali bize. Mnyamata amene amagwada m'zonyansa za amalume ake, atavala suti, m'nyumba mwa apongozi, nkhope osakwinya, ameneyo mwana wathu akadzadwala sadzamuthawa. Abale ali nawo, tawaona. Ndi opusa, koma ali nawo. Mumuuze abwere tidzakonze tsiku la chinkhoswe."

Mayi a Tadala, amene ankamvetsera ali kukhitchini, anaimba nthungululu mpaka aneba anagogoda khoma.

A Makwinja anasendeza mpando, anayang'ana kukhitchini ngati akuopa kumvedwa, n'kutsitsa mawu.

"Koma tandiuzani chilungamo. Kakomedwe kake... kanali ngati weniweni?"

"Ayi," ndinatero. "Ngakhale pang'ono."

Anapuma mozama. "Ndinadziwa. Nthanga zake zinali zaphwatalala, ndinaziona. Koma supuni ija ndikanameza ndithu." Anavala chipewa n'kuimirira. "Pachinkhoswe inu mudzabwere ndi tambala yekha monga mwa mwambo. Akasowa wamoyo, mugule wa mushopu, ndipo pepala lake lidzatsegulidwe ife tikuona."

Phunziro mukulifuna? Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine vuto langa silinali kusafunsa. Ndinauzidwa ndi mwini mtengo, ndinauzidwa ndi mkazi wanga, ndinauzidwa ndi lilime langa lomwe, ndipo onsewo ndinawaona ngati osadziwa. Ndingakonde kunena kuti ndinasintha, koma sabata yatha ndinaima nthawi yaitali pampanda wina ku Wigston ndikuyang'ana masamba ofanana kwambiri ndi chisoso, mpaka basi inandisiya.

A Makwinja atapita ndinamuimbira Yamikani. Ndinamuuza kuti avomera. Ndinamva akufwenthera.

"Amalume," anatero, "zikomo kwambiri. Popanda inu sizikanatheka."

Ndinafuna kumukonza. Ndinafuna kumuuza kuti mkaziyo anadzifunsira yekha, ndi beseni ndi thaulo, ine ndili gone pansi. Koma ndinali wotopa, ndipo m'dziko lino anthu ondithokoza si ambiri.

"Usadandaule, mwana wanga," ndinatero. "Ndi ntchito yathu amalume."